Khasu la Abiti Nasir

Amayi anga, Abiti Nasir, sanagonepo kunja kwa mudzi wathu ndi tsiku limodzi lomwe. Ine ndakhala ku Mangochi kuyambira ndili mtsikana, ndimagulitsa zitenje mumsika, ndipo nyumba ndinamanga yamalata, yasimenti pansi. Koma iwo akabwera kudzandiona ankamwa tiyi atakhala kumphepete kwa mpando ngati munthu wodikira basi. Dzuwa likangopendeka, ayambapo kufunafuna nsapato. "Kumunda," ankatero. Ngakhale mu Julayi, m'munda mulibe ndi tsamba lomwe, yankho linali lomwelo. Zinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa anzanga mumsika ankandiseka kuti mwina ndimawamana ndiwo.

Munda wake umene ankauferawo si woti munthu n'kuuloza monyadira. Kwathu ndi kuseri kwa Nkope, ukawoloka msewu wa tala n'kulunjika kumapiri, kumene fungo la usipa silifika. Kumbuyo kwa nyumba kuli mlambe, kenako kakhwawa kouma, ndiyeno kamunda kamiyala. Anthu onse anasiya kalekale kulima matutu, alangizi atawaphunzitsa mizere, koma amayi ankaunjikabe matutu awo. Ankasosa, n'kusonkhanitsa zinyalala, n'kuzikwirira ndi dothi, mulu apa, mulu apo. Pamwamba ankadzala mapira, m'mbali nandolo ndi maungu, mbewu zimene ankasunga m'chipanda atathiramo phulusa. Mlendo akaona munda umenewo mvula isanagwe, ankafunsa motsitsa mawu ngati ndi manda a ana.

Ndiye panali khasu lawo. Silinali la m'sitolo ayi. Linali lachikale, losulidwa ndi anthu a ng'anjo, lakuda bii, looneka ngati tsamba la mbatata, msuka wake wautali. Mpini wake unali waufupi kwabasi, moti polima munthu ankawerama mpaka mphuno kununkhiza dothi. Ndinawagulirapo makasu awiri atsopano amipini yaitali. Limodzi anapatsa mnansi, linalo nkhuku zinkagonapo.

Khasu lawolo sankabwereketsa, ndipo ine ndinayesapo kamodzi kokha kuligwira. Kwathu ukapeza wamkulu akulima sumangopereka moni uli chilili. Umati "ndikulandireni," n'kutenga khasu m'manja mwake, n'kulimako pang'ono kuti iye awongole msana. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawapeza akulima thukuta lili kamukamu, ndipo ndinatambasula dzanja monga mwana woleredwa bwino. Mawu ndisanamalize, anandiwomba mbama imene khutu lake limalirabe kukazizira. Chaka chomwecho ananditumiza kwa azakhali kutauni. Ndinakula ndikudziwa kuti amayi anga amakonda chitsulo kuposa mwana.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu Okutobala chaka chatha, ndili pakati potsutsana mtengo ndi kasitomala, amjomba anga Che Amidu, mlongo wawo wa amayi, anandiimbira foni kuti amayi agwa kumunda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mbali yakumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu atapita. Madokotala anafuna kuwagoneka, koma dzuwa litapendeka amayi anayamba kudzikoka pabedi ndi mkono wamoyowo, akubuula ngati mbuzi yomangidwa, mpaka amjomba anachita kuchonderera kuti tingopita nawo kwathu. Ine ndinalalata njira yonse, koma tinapita nawo.

Ndinatenganso mwana wanga Shakila kuti akandithandize. Ndi mmodzi yekhayo amene ndili naye. Bambo wake anapita ku Joni iye akuyamwa, ndipo mpaka lero akupakirabe katundu woti abwere naye. Mwanayo ndinamulera ndi zitenje, ndipo anali atasankhidwa kukaphunzira unamwino ku Zomba, akungodikira tsiku lonyamuka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo ine wanga ndinalumbira kuti sadzakulira pa kamunda kamiyala. Ulemu wokha ndinamuphunzitsa wakumudzi, wogwada popereka madzi, wolandira katundu pamutu pa wamkulu. Ndinkanyadira nawo pamaso pa amayi amumsika amene ana awo amalonjera munthu maso ali pafoni.

Masiku oyamba sindinaone chachilendo. Amayi ankagona pamphasa m'chipinda chawo, tikuwatembenuza, tikuwamwetsa phala ndi sipuni. M'mawa ankakhala phee. Koma dzuwa likamayandikira paliwombo, nthawi imene nkhuku zimayasamula kukamwa pansi pa nkhokwe ndipo palibe wamisala amene angagwire khasu, mpweya wawo unkasintha. Ankayamba kupuma modukiza, hi, hi, hi, thukuta likutsika m'khosi. Dzanja lakufalo linali lofumbata ngati lagwira kanthu, ndipo ngakhale awiri tinkalephera kulitambasula. Nthawi yomweyo kuseri kwa mlambe kunkamveka khasu likugunda pamiyala, go, go, go. Kumzikiti kukangomveka azana yoitanira anthu kuswala ya masana, khasu linkaleka, amayinso n'kugona tulo.

Shakila ndi amene anayamba kufunsa za agogo akewo.

"Amama, anganga mapazi awo ndawasambitsa m'mawa womwe uno. Dothi ili lachokera kuti?"

Ndinayang'ana. Pakati pa zala panali dothi lofiira, ndipo kuchidendene kunali kaminga ka nseso. Koma ine ndinati ndi fumbi lolowera pawindo.

"Nanga akulima kumunda kuja ndani dzuwa limeneli?"

"Aganyu," ndinatero. "Amjomba awalemba. Iwe tsuka mbale."

Bodzalo ndinaliphika ndili chiimire, kenako ndinapita kukawafuna amjomba. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, singano ili pakamwa. Anandimvetsera osakweza maso.

"Khala pansi, Zakia," anatero. "Ukaimirira choncho mawu ako amafika kumsewu."

Ndinakhala.

"Khasu lija silitoledwa pansi. Limachoka m'dzanja n'kulowa m'dzanja. Amene walilandira amalima munda uja chaka ndi chaka, adwale asadwale, ndipo sagona kutali nawo. Tsiku limene wina wamulandira, wolandiridwayo saliona dzuwa lamawa."

"Amjomba, inuyo munthu woswali, mukundiuza za shiriki, zamizimu zoletsedwazi?"

"Walahi, ndikanakonda zikanakhala nthano. Shehe anabwera, dua anawerenga, iwe uli pomwepo. Khasu linaleka?"

Iwo anapitiriza kusoka, akulankhula ngati akuuza ukondewo. Anati akuluakulu ankanena kuti m'njala ina yakalekale, gogo wina wa kwathu analumbira pamunda paja kuti mundawo sudzagonanso chaka osalimidwa, bola ana ake asafe. Ana sanafe, ndipo mtundu wathu sunapemphepo chakudya pakhomo pa munthu. Amayi anga analandira khasulo ali mtsikana, atatomeredwa ndi telala wina wa kuboma. Amayi awo anali chigonere ndi chifuwa, koma iwo anawapeza kumunda masana akulima, ndipo anachita zimene mwana aliyense akanachita. Pobwerera kunyumba anapeza anthu akulira. Telala anadikira, anatopa, anakakwatira ku Namwera.

"Ndiye tikaliponye m'nyanja," ndinatero. "Bwato muli nalo."

"Waona zikhadabo za dzanja lakufalo?"

Ndinali nditaziona. Zinali zothyokathyoka, zina zitazuka, ndipo ndinkaganiza kuti zinatero pogwa paja.

"Atagwa, mawa lake ndinalitola ndi chiguduli n'kulibisa m'nkhokwe. Munthu ukamulanda khasu ntchito isanathe, amalima ndi zala. Ndinalibweza ndikuthamanga."

Kenako ndinakumbukira mbama ija, ndipo ndinagwira khutu osadziwa. Amjomba anandiona.

"Ukuganiza anakutumiza kutauni chifukwa chodana nawe? Anandiuza yekha kuti chinthu chimenechi chithere pa iye."

"Ndiye chithera bwanji?"

"Nayenso sadziwa. Wosalandiridwa safa, Zakia. Amangolima."

Ndinalira pansi pa mango paja ngati mwana, ndipo sindidziwa ngati unali chisoni kapena ukali. Zaka zonse zimene ndinawasungira mkwiyo, iwo anali atandiimira pakhomo. Akanangondiuza! Koma amayi anga anali munthu woti angakupulumutse m'madzi akukutukwana.

Mawa lake, khasu litayamba kulira, ndinamusiya Shakila akupukuta anganga ake thukuta, ine n'kuzemba. Ndinadutsa mlambe, n'kutsika m'kakhwawa. Mchenga unkaotcha mpaka kudutsa patapata. Kunalibe mbalame, kunalibe mphepo, nyenje zokha zikulira m'mitengo. Nditakwera tsidya linalo ndinaona matutu atsopano ali ndandanda mpaka pakati pa munda, dothi lake lisanaume. Pakati pawo panali msana wowerama, chitenje chabuluu chimene ndinawapatsa pa Idi, ndi zidendene zong'ambikang'ambika zimene ndinazidziwa ndisanadziwe nkhope ya munthu aliyense. Anali amayi. Ndinali nditawasiya pamphasa, koma anali amayi.

Mantha ndinali nawo. Koma choopsa kwenikweni sichinali iwo ayi, chinali pakamwa panga. Munthu ukaona mayi wako akulima pa dzuwa lotere, mawu aja amabwera okha, ngati mmene umayankhira salamu usanaganize. Dzanja langa linali litanyamuka kale. Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi.

Amayi anatembenuza mutu osawongoka. Nkhope yawo inali yabwinobwino, yosapotoka. Anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, kenako anandikupiza ndi dzanja monga ankapirikitsira nkhuku pa mapira oyanika. Ndinabwerera chammbuyo mpaka m'khwawa, ndipo kuchokera pamenepo ndinathamanga.

Anandikaniza okha, zimenezo n'zoona. Koma nanenso sindinkafuna. Ndinkafuna benchi langa lamumsika, bedi langa, ndiponso tsiku lodzavala bwino kukaona Shakila akulandira pepala lake. Amene akufuna kundiweruza ayambe wawerama ndi kampini kaja kuyambira utsikana mpaka imvi, kenako abwere tidzakambirane.

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Mitambo inkaunjikana kutsidya kwa nyanja masana n'kubalalika osadontha. Matutu anafika kumalire a munda, ndipo amjomba anandiuza kuti ayambanso kuphwanyidwa n'kuunjikidwa kachiwiri. Amayi anatha, anatsala mafupa okhaokha pamphasa. Pakati pa zala zofumbata zija panayamba kutuluka madzi a matuza, kenako magazi. Shakila ankawapukuta ndi madzi amchere, akulira, akufufuza pafoni yake matenda amene amachita zotere. Diso lamoyo la amayi linkamutsatira paliponse m'chipindamo, kenako n'kundiyang'ana ine, n'kuloza kukhomo. Ndinamva zimene ankanena.

Tinagwirizana ndi amjomba kuti mwanayo asauzidwe kanthu. Mtima wake ndi wofewa ngati papaya lakupsa, ndipo akanadziwa kuti anganga ake akuzunzika chifukwa chosowa wowalandira, akanathamangira komweko. Chofunika chinali kumuchotsa pamudzi. Ndinamuuza kuti abwerere ku Mangochi akakonzekere za sukulu, akasamalenso benchi langa mbava zisanalizolowere. Anakana, ndinakalipa, anavomera. Ndinapangana ndi wakabaza kuti adzamutenge mawa lake anthu akatuluka kumzikiti masana, akamusiye kumsewu wa tala.

Tsiku limenelo Shakila anakonza thobwa, lodzaza chigubu. Ndinaganiza kuti ndi la anthu obwera kudzazonda odwala, ndipo ndinamuyamikira mumtima kuti mwana ndinalera.

M'mawa mwake anapakira chikwama, anasamba, anavala diresi lake laulendo ndi mpango watsopano. Anagwada pamphasa, n'kuwagwira anganga ake pachipumi, n'kuwauza kuti akabwera patchuthi adzawapeza akuyenda. Dzuwa litakwera anati, "Amama, ndikatsanzike anthu." Ndinamuuza kuti asachedwe. Maganizo anga onse anali pa amayi, amene mpweya wawo unali utayamba kale kudukiza.

Ndinakhala pambali pawo ndi kansalu konyowa. Kuseri kwa mlambe khasu linkagunda pang'onopang'ono, go, kenako kanthawi, go, kugunda kwa munthu wotheratu. Ndinkawanong'oneza kuti apirire, mwana anyamuka posachedwa, ndipo tikatsala awiri tiona chochita. Chochitacho sindinkachidziwa.

Mwadzidzidzi khasu linaleka. Azana inali isanamveke.

Diso la amayi linatseguka kwambiri. Khosi lawo linakungika, milomo yopotokayo inalimbana, ndipo kwa nthawi yoyamba chigwereni panatuluka mawu. "Ayi," anatero. Kenako zala zimene tinalephera kuzitambasula anthu awiri zinatseguka zokha, chimodzichimodzi, chikhatho chili chofiira ngati nyama. Anatulutsa mpweya wautali, ndipo sanaukokenso.

Ndinati inalilahi, ndikuwatseka maso. Ndisanakuwe n'komwe, khasu linayambiranso. Koma tsopano linkagunda mwachangu, go go go go, kugunda kwa munthu wa mphamvu zake zonse.

Ndinatuluka panja. Chikwama chinali pakhonde pomwe anachisiya. Chigubu cha thobwa panalibe, ndi makapu omwe. Apo m'pamene mutu wanga unagwira. Kwathu munthu sachoka pamudzi osathokoza amene akukulimira munda, ndipo sumapita kwa olima chimanjamanja. Aganyu aja ndinawalenga ndine.

Ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka, ndikukuwa dzina lake. Patapata zinatsala m'khwawa. Amjomba ndinawamva akutsokomola kumbuyo kwanga, akundiitana kuti ndiime, koma sindinacheuke.

Chigubu chinali pamthunzi wa kamtengo ka m'malire, makapu atavundikiridwa bwinobwino pamwala, nsapato zake zatsopano zili pambali kuti zisade. Shakila anali pakati pa munda, atakwinyira diresi m'chiuno, atawerama mpaka mpango kukhudza dothi. Atandimva anatembenuza mutu, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe.

"Amama, anganga adzuka! Ndawapeza pano okhaokha, aganyu aja kulibe. Akuyenda bwinobwino, amama! Anayamba kukaniza, koma ndachita kuwalanda. Ndawauza akapume pamthunzi apo."

Analoza ndi chibwano kumene kunali chigubu. Panalibe munthu. Anayang'ana kachiwiri, ndipo chimwemwe chija chinayamba kuchoka pankhope pake, koma manja sanaleke.

"Siya khasulo," ndinatero. "Liponye pansi. Tiye."

"Ndingomaliza mulu uwu."

Anaumaliza, n'kusuntha phazi, n'kuyamba wina.

"Shakila!"

"Ndikufuna kusiya, amama." Mawu ake anali atachepa. "Dzanja likukana."

Pamenepo za benchi ndi bedi zinandichoka. Ndinaponda matutu, ndikupunthwa, mpaka ndinafika pamene anali. Nditenge ine, nanga ndatsala ndi chiyani? Ndiwerame ine mpaka imfa, mwana akwere kabaza. Ndinatambasula dzanja, mpini uli pafupi moti ndinkamva kutentha kwake.

"Mwananga, bweretsa ndiku..."

Chikhatho chonunkha nsomba chinanditseka pakamwa, china n'kundigwira mkono. Sindinkadziwa kuti nkhalamba ija ili ndi mphamvu zotere. Anandikokera kumbuyo mpaka tonse tinagwera pa mulu, ine ndikuwaluma, iwo osandisiya.

"Zakia, ganiza," anandinong'oneza, akupuma movutika. "Walandira kale. Ukamulandira iweyo, timuika limodzi ndi anganga ake lero lomwe."

Ndinaleka kulimbana. Anachotsa dzanja pang'onopang'ono, akundiyang'anitsitsa ngati ndili ndi mpeni. Ndinadzuka, n'kuima pamenepo, dothi lotentha likundiotcha mapazi. Kunyumba kunayamba kumveka kulira kwa amayi apamudzi amene anapeza mtembo. Pakati pa kulirako ndinamva belu la njinga, wakabaza uja atafika msanga, akuimba kuti tifulumire.

Shakila anagunda, n'kukoka dothi, n'kugundanso. Thukuta linali litanyowetsa kale diresi laulendo. Anakweza maso osawongoka, misozi ikutsika, n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ali wakhanda akadwala malungo.

"Amama, msana ukuwawa. Simundilandirako pang'ono?"

Ndinabisa manja onse awiri kumbuyo, n'kuwagwiritsana zolimba.